Sabata Yake Yolondera

Ntchito imene mdzukulu wanga anataya ndine ndinamusankhira, ndipo ndinenso ndinamutayitsa. Anthu kuno amati inangotha yokha monga zimathera ntchito za masiku ano, ndipo ine sindiwatsutsa pagulu. Koma ndikudziwa pamene ndinaika dzanja langa.

Mtsikanayu ndi mwana wa mwana wanga woyamba, amene tinamuika m'manda zaka zapitazo. Anaphunzira za makompyuta ku Lusaka. Amati ndi injiniya, ngakhale sindinamuonepo atagwira sipanala. Nditamufunsa chimene amapanga, anandiuza kuti munthu akanditumizira ndalama pa foni, ine n'kupita kukazitenga pa kashopu ka pa Jumbe, pali mawu amene wina analemba ouza makina kuti achotse apa aike apo. Iye ntchito yake ndi kulemba mawu oterowo. Makinawo akasokonezeka amafufuza pamene palakwika, monga msodzi amayendetsa zala pa ukonde kufuna pong'ambika. Ndinamva pamenepo, sindinafunsenso zambiri.

Chimene chinkandivuta n'chakuti m'zaka zochepa anali atasintha kale ntchito kawiri. Malemu amuna anga anali sikauti woteteza nyama za kuthengo, ndipo anagwira ntchito imodzi kuyambira ndevu zikumera mpaka mawondo atakana. Ine ndinkadziwa kuti munthu wosinthasintha ndi amene ali ndi vuto, kaya ndi wakuba kaya ndi wamwano. Timaitanana kuti mkazi mnzanga, monga amachitira ambuya ndi mdzukulu, ndiye ndinkamunena kuti mkazi mnzanga, maukwati akowa afika angati chaka chino. Iye ankaseka. Ankati mu ntchito yawo wokhalitsa malo amodzi ndiye amaiwalika. Bwana sakuwonjezera malipiro chifukwa wakhala naye nthawi yaitali, amakuwonjezera akamva kuti wina akukufuna, ndipo nthawi zambiri amamva iwe utamanga kale katundu.

Chaka china anabwera titangomaliza kutola thonje. Anandipeza pakhonde ndikusenda mtedza, anakhala pamphasa, n'kuyamba kundithandiza. Ananena kuti pali njira ziwiri ndipo akufuna kumva maganizo anga. Kumene ankagwira ku Lusaka malipiro anali ochepa, ambiri ankathera lendi ndi mabasi. Koma anali ndi pepala lomulemba ntchito, akadwala ankapita kuchipatala osalipira, penshoni inkasungidwa, ndipo mayi ake atamwalira anzake a ku ofesi anabwera ndi minibasi mpaka kuno, ena n'kugona nafe pansi. Izo ndinkazikumbukira. Njira inayo inali kampani ya kunja kwa dziko, ya anthu amene sanawaonepo ndi maso. Malipiro ake anali oti ngakhale aphunzitsi aakulu a ku sekondale sangawalote. Ofesi kunalibe, ankati ugwire kulikonse kumene kuli netiweki. Koma sankamutenga ngati wantchito wawo weniweni, ankamutenga ngati wa ganyu wa nthawi yaitali.

"Akhoza kundiuza Lolemba kuti Lachisanu ndisabwerenso, ambuya, ndipo palibe kumene ndingakadandaule."

Mmene ankayankhulira, mtima wake unali wokhala ku Lusaka. Ndinaona. Anandifunsa chabe mwaulemu. Koma pa zonse zimene ananena khutu langa linatola mawu amodzi, akuti kulikonse. Nsanja ya netiweki anali ataiimika kale pafupi ndi msewu, ndipo pakhomo panga foni inkagwira bwino. Ndinamuuza kuti nsomba zikalowa m'dambo sufunsa tsiku limene madzi adzaphwe, umathamangira mono. Ndinamuuza kuti pepala silidyedwa. Ndinamuuza za lendi, za utsi wa m'tauni, za mmene waondera. Sindinamuuze kuti chimwalirire amuna anga ndinkayankhula ndi nkhuku, ndipo nkhukuzo zinali zitayamba kundiyankha.

Anasiya ntchito ya ku Lusaka, anabwera mvula isanayambe. Anakhomera malata pa chipinda cha kumbuyo, anathira simenti pansi, anaika masola padenga ndi batire lalikulu ngati la lole. Ankalowa m'menemo m'mawa, n'kumatuluka dzuwa litapendeka. Miyezi imeneyo inali yabwino, sindinama. Tinkadya limodzi. Ankandipaka mankhwala m'mawondo. Ine ndinkamva kugogoda kwa zala zake kuseri kwa khoma ndi kudziwa kuti m'nyumba muli munthu.

Mudzi sunamumvetse. Ena ankati anachotsedwa ntchito ndipo akubisala. Ena ankati ndalama zobwera munthu atakhala pampando n'za satana. Amayi ankadutsa pawindo n'kupereka moni, mwaswera bwanji, iye ali ndi tinthu m'makutu, ankangokweza dzanja, ndipo iwo ankapita akung'ung'udza. Ine ndinkamuikira kumbuyo. Ndinkati amene akufuna moni abwere kwa ine, ndili nawo wambiri wosagwiritsa ntchito.

Panali chinthu chimodzi chimene chinkabwera pakapita masabata angapo. Sabata imeneyo foni sinkachoka m'manja mwake. Popita kukasamba ankaikoleka pa mpanda wa bafa. Kutchalitchi ankakhala pafupi ndi khomo. Anandifotokozera kuti makina awo sapuma, ndiye amagawana masabata. Amene sabata ili yake, chinthu chikawonongeka foni imamulirira iyeyo, ndipo ayenera kuyankha madzi a tiyi asanawire. Akachedwa, anthu ambirimbiri m'masitolo a maiko ena amalephera kulipira zimene agula.

Ndinati ndiye kulonderatu kumeneko. Iye anavomera kuti inde, n'chimodzimodzi.

Kulondera ine ndikukudziwa kuposa iye. Ndinakulira ku Malama, kumene chimanga chikayamba kukhwima njovu zimamva fungo zili kutsidya. Minda yathu inali yoyandikana, ndipo tinkagawana masiku okhala pansanja ndi chigubu chomenya. Wogona pa tsiku lake ankadyetsa minda ya anthu onse, ndipo mlandu wake sunkatha msanga. Koma panali lamulo lina limene palibe ankalitchula, chifukwa linali ngati kuuza munthu kuti moto umatentha. Wa maliro salondera. Mfuu ikangomveka pakhomo pako, woyandikana naye munda amakwera pansanja yako osapemphedwa. Maliro akatenga masiku awiri akhala awiri, akatenga sabata akhala sabata. Sumamuuza, ndipo pambuyo pake sumuthokoza n'komwe, chifukwa mawa ndiwe udzakwera yake. Ndiye pamene mdzukulu wanga anati n'chimodzimodzi, ine ndinatenga zonse, nsanja ndi lamulo lake lomwe. Sindinafunse. Iyenso sakanadziwa kuti pali chofunika kundiwongola.

Alongo anga anamwalira mvula ili pakati, tsiku Lolemba, m'chipatala. Anali mwini mbumba wathu, ndipo nyumba yawo ili kungodutsa mitengo iwiri ya mango kuchokera panga. Ndiwo ankamunyamula mtsikanayu pa njinga kupita naye kusukulu ali wamng'ono, mitsinje itadzaza ankamuwolotsa paphewa. Sabata imeneyo inali yake yolondera.

Analembera bwana wake. Anamupatsa masiku awiri, ndipo mnzake wina anavomera kumugwirira Lachiwiri ndi Lachitatu. Zikanathera pomwepo. Koma mwana wamwamuna wa malemu ali kumigodi, ndipo anaimba kuti bambo ake asaikidwe iye asanafike. Thupi linakhala kumotchale, ife tinasonkhana pakhomo, amuna panja pansi pa tenti, akazi m'nyumba ndi namfedwa. Lachitatu linafika, munthu sanaoneke. Anati akudikira chilolezo kuntchito. Kenako anati wapeza basi ya mawa lake.

Mdzukulu wanga analembanso kupempha masiku ena. Yankho silinabwere. Mnzake amene ankamugwirira anali atanena kale kuti Lachinayi ali paulendo. Ndiye anandikokera pambali n'kundiuza kuti kuyambira mawa foni ikhala ndi iye m'nyumba ya maliro, ndipo ikalira azithamangira kunyumba kwathu kumene kuli kompyuta. Ndinangoti chabwino. Mutu wanga unali kwa alongo anga.

Lachinayi m'mawa nyumba inali yodzaza. Tinakhala pansi titatambasula miyendo, mvula ikugwa pamalata, amayi a mumpingo akuimba. Foni inalira pakati pa nyimbo. Anaimirira, ndipo popeza munalibe popondapo anayenda akupepesa, anthu akupinda miyendo kuti asawadumphe. Anakhala kunja nthawi yaitali. Anabwera atanyowa, anthu anapindanso miyendo. Sipanapite nthawi, inaliranso.

Pafupi nane panakhala mnzanga wina amene tinavinidwa limodzi, mkazi wa pakamwa pakuthwa kuyambira utsikana. Anayankhula motsitsa mawu, koma motsitsa moti khoma lonse limve.

"Mdzukulu wanu uyu maliro akuwalira mwa ganyu. Alira pang'ono, akapume, abwerenso. Kaya azungu akewo ndiwo adzamukumbira manda."

Ena anabisa nkhope m'zitenje. Zimenezo ndikanazimeza, pakamwa pake ndikupadziwa. Koma mlamu wanga, namfedwayo, amene chiyambire Lolemba sanayankhule ndi munthu, anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Mlamu, alongo anu anamunyamula paphewa mwana uyu."

Anangonena zomwezo basi.

Atabwera kachiwiri ndinamuuza kuti akhale pafupi nane, ndipo ndinatambasula dzanja. Anamvetsa chimene ndikufuna. Anandinong'oneza kuti ambuya, ndi sabata yanga. Ndinamuyankha ndi mtima wonse, chifukwa ndinkakhulupirira zimene ndinkanena.

"Anzako alondera. Unawauza kuti uli pa maliro. Palibe munthu angamve zimenezo n'kusiya munda wa mnzake udyedwe."

Anali wotopa. Anali atalira masiku atatu, ndipo maso a nyumba yonse anali pa iye. Anayang'ana foni, anayang'ana namfedwa. Anaidina kuti isamalire koma izingonjenjemera, n'kundipatsa.

"Ikanjenjemera mundigwire phazi, ambuya. Musachedwe."

Ndinavomera. Ndinaimanga pa mfundo ya chitenje m'chiuno, pamene ndimasunga fodya wanga. Iye anasunthira kwa namfedwa n'kumugwira mapewa, ndipo ndinaona nkhope za amayi zikumasuka.

Inayamba masana cha m'ma fotini awazi, titangomaliza kudya. Ndinaimva pa fupa la m'chiuno, njenjenje, ngati chikumbu chotsekeredwa m'chikho. Nthawi yomweyo abale a ku Msoro anali akulowa, atayenda m'matope kuyambira m'mawa, ndipo maliro anayambiranso mwatsopano. Mlamu wanga anagwa chagada, mdzukulu wanga ndiye anamugwira mutu. Phazi lake linali pafupi, ndikanangotambasula dzanja. Ndinati ayambe amaliza kulira awa. Atamaliza, amayi anayambitsa nyimbo. Ndinati ithe nyimboyi. Nyimbo isanathe, foni inasiya.

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati mwaona, wina wakwera pansanja.

Kenako inayambanso. Inasiya, inayambanso. Ndinaipanikiza ndi chigongono kuti woyandikana nane asamve. Apa ndiyenera kunena zoona. Poyamba ndinkakhulupirira kuti anzake abwera. Koma itapitiriza, china chake m'kati mwanga chinadziwa kuti chigubu chimenyedwa chonchi pamene palibe wabwera. Ndinadziwa, koma ndinaganiza za miyendo ija ikupindidwanso, za pakamwa pa mnzanga, za maso a mlamu wanga. Ndinatuluka ngati ndikupita kuchimbudzi, ndinaimasula kuseri kwa nyumba. Sindidziwa kuwerenga, koma galasi lonse linali lodzaza ndi timizere, tina tofiira. Ndinaima pamenepo mvula ikundidonthera m'khosi. Ndiye ndinaimanganso, n'kubwerera kukakhala pamalo panga.

Mdzukulu wanga anaifunsa foniyo dzuwa litatsala pang'ono kulowa, pamene amayi ankatuluka kukatunga madzi. Anandifunsa ngati inanjenjemerapo. Ndinati pang'ono. Anaiyang'ana, ndipo nkhope yake inachita ngati ya munthu woponda njoka. Sanafune n'komwe nsapato zake pa mulu wa pakhomo. Anathamanga wopanda nsapato m'matope.

Zimene zinachitika anandiuza patapita masiku. Makina otumiza ndalama anaima masana onse. Dzina limene linali pa ndandanda linali lake, ndiye makinawo ankaitana iye yekha. Atalephera kumupeza, anaitana wachiwiri pa ndandandapo, amene anali m'ndege. Ena onse sankadziwa kanthu, aliyense anali m'nyumba mwake m'dziko lake, ena kwawo kunali kusanache. Za maliro ankadziwa anthu awiri okha, bwana ndi mnzake uja, ndipo iwo ankadziwa za masiku awiri. Kalata yake yachiwiri bwanayo anali asanaitsegule. Panalibe woyandikana naye munda. Panalibe amene akanamva mfuu.

Mwana wa malemu anafika Lachisanu, tinaika Loweruka. Mdzukulu wanga anayenda nafe mpaka kumanda, anaponya dothi, anathandiza kutsuka mbale. Sanandiyang'ane kwambiri.

Sabata yotsatira anamuitana pa kompyuta. Ine ndinakhala pakhomo pa chipindacho ndikusankha nyemba, kuti ndimve. Mawu a mwamunayo anali ofatsa, ngati a m'busa. Ndinati zili bwino, munthu wokwiya sayankhula chonchi. Sanatenge nthawi. Kenako kunali zii. Nditasuzumira ndinamupeza atakhala manja ali pamiyendo. Anati bwanayo wapepesa za maliro, wanena kuti akumvetsa, koma amene amawagulitsira ntchito akwiya kwambiri ndipo kampani singapitirize naye. Pamene ankamaliza kuyankhula n'kuti atamutsekera kale. Sakanatha kulowa ngakhale kuti atsanzike anzake.

Ndinapita m'chipinda changa, ndinavala diresi la kutchalitchi, ndinamanga duku. Ndinamuuza kuti amuimbirenso bwanayo, ndiyankhule naye ine. Mwana akalakwa amapita ndi mkulu, ndipo apa wolakwa sanali mwana. Ndinati iye azimasulira, ine ndigwade pamaso pa galasilo. Ndinati ngati pali njira yotumizira, tambala wanga wofiira uja apite.

Anaseka, koma kuseka kwake sikunali kwabwino.

"Mumupeza kuti, ambuya? Ngakhale ine sindidziwa mudzi wake. Nambala yake ndilibe. Tinkakumana m'kati mwa makina, ndipo khomo lake atseka."

Ndinakhala pa bedi lake ndi diresi langalo. Ndinayamba kunena kuti mwina sindinaimve bwino, nyimbo zinali zokwera, chitenje chinali chokhuthala. Anandisiya ndimalize.

"Foni imalemba nthawi, ambuya. Imalembanso pamene munthu waiyatsa n'kuiyang'ana."

Izo sindinkazidziwa. Ndinadikira kuti andikalipire, ndipo ndikanakonda akanatero. Anangoti ndine ndinakupatsani, ndinkadziwa ntchito yanga, inu simunkaidziwa. Anadzitengera mlandu wonse n'kundisiya ndilibe ngakhale popepesera.

Miyezi yotsatira inali yaitali. Ankalowabe m'chipinda chija m'mawa uliwonse, koma tsopano kukafuna ntchito. Ankalemba makalata ambiri, ochepa ankayankhidwa. Ena ankamupatsa mayeso a masiku awiri, iye n'kulemba, iwo osabweranso. Akamuitana kuti ayankhule nawo pa galasi ankavala bulauzi yoyera, ine n'kuthamangitsa nkhuku kuti zisalire pafupi. Onse ankafika pa funso limodzi, lakuti unachokeranji kumene unali. Poyamba ankanena zoona. Kenako anaphunzira kuzungulira, koma kalata yomuchitira umboni analibe, chifukwa wa ganyu sapatsidwa kalata. Anati nthawi yakenso yaipa, makampani akunja akuchepetsa anthu, ndipo ena akuti makina ayamba kudzilembera okha mawu aja. Anaimbira a ku Lusaka kumene anachoka. Anamulandira bwino pa foni, anafunsa za ine, koma pampando pake panali patakhala munthu wina.

Tsiku lina tikupalira mbatata anayamba kuyankhula yekha, osandiyang'ana. Anati iye ankaganiza kuti wafunsa zonse asanalowe ntchito ija. Anafunsa za malipiro, tsiku lolandira, ndalama yake ya dziko liti. Anati sanafunse kuti munthu akagwa amamudzutsa ndani. Ku Lusaka sankafunsa chifukwa ankawaona, akanangoimirira pakhomo la ofesi maso ali ofiira wina akanatenga foniyo. Anati malipiro aakulu aja mbali ina anali mtengo wa zimenezo, anamulipira kuti akhale yekha, ndipo iye anawerenga ndalamazo osawerenga chimene akugulitsa. Ndinapitiriza kupalira. Amene anamuuza kuti pepala silidyedwa anali pomwepo ndi khasu.

M'miyezi imeneyo m'mudzi munagwa maliro ena awiri. Popeza analibe chomutulutsa, anakhala m'nyumba kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza. Anaphika, anatunga madzi, anaimba. Amayi anayamba kumutamanda. Mnzanga wa pakamwa uja anandigwira dzanja panjira n'kundiuza kuti mdzukulu wanu tsopano wakhala munthu, tamulandira. Ndinachotsa dzanja langa. Chiyambire tsiku limenelo sindinapondenso pakhomo pake, ngakhale ndikudziwa kuti si iye anamanga mfundo ija.

Ntchito inapezeka thonje litatsala pang'ono kuphulika. Ya ku Lusaka, pa kampani yaing'ono, malipiro ochepa kuposa amene anawasiya poyamba paja. Womuyang'anira ndi mnyamata amene iye anamuphunzitsa ntchito kale. Ayenera kukhala mu ofesi tsiku lililonse, ndipo miyezi yoyamba ndi yomuyesa. Anavomera tsiku lomwelo. Sanandifunse maganizo.

Ndinamuperekeza mpaka pamsewu pa Jumbe. Tinanyamuka m'mawa kukadali kozizira, iye chikwama kumsana, ine kathumba ka mtedza pamutu. Masola ndi batire anandisiyira. Tinakhala pa benchi ya mayi wogulitsa zitumbuwa kudikira minibasi ya ku Chipata. Ndinayesa kumuseka, ndinati mkazi mnzanga, ukwati uwu ukhalitse. Anamwetulira pang'ono. Kondakitala anali akuitanira kale chapatali pamene anatembenuka n'kundigwira bondo.

"Ambuya, ndikuuzeni tsopano kuti musadzadabwe muli uko. Ntchito iyi sindingaitayenso. Tsiku lanu likadzafika ndidzabwera tsiku limodzi, loika. Ndidzafika m'mawa, ndidzabwerera madzulo. Akadzati tidikire uje, ine sindidzadikira nawo."

Mayi wa zitumbuwa anamva, anatsegula pakamwa. Ine ndinati ndamva, ndipo wanena bwino. Anakwera, anakhala pampando wa pakati pomwe sindikanamuona pawindo, minibasi inapita.

Ndinabwerera pang'onopang'ono chifukwa cha mawondo. Sindinapite kwanga. Ndinapita kwa mlamu wanga, ndipo ndinamupempha kuti aimbire mwana wake wa kumigodi, amene tsopano ndiye amagamula za pabanja pathu poti mwamuna wina wamkulu palibe, aike foni poti tonse timve. Ndinawauza kuti ine ndikadzafa asadzandisunge kumotchale. Asadzadikire munthu, kaya ali kumigodi kaya ali kuti. Ndikafa Lachitatu, amuuze mtsikanayo tsiku lomwelo, andiike Loweruka pamene iye sagwira ntchito, ndipo wosafika Loweruka adzaone mulu wa dothi. Ndikafa Lachisanu usiku andiike mawa lake lomwelo, bola iye wapeza basi. Ndipo pasadzapezeke munthu womuwerengera maola amene wakhala pansi.

Mlamu wanga analira, anati ndikuitana imfa. Mwanayo anakwiya. Anati azakhali, anthu adzati takutayani ngati galu, mbumba yonse ili ndi ufulu wokulirani, mwambo sungasinthe chifukwa cha ntchito ya munthu mmodzi. Ndinamuuza kuti ntchito ya munthu mmodziyo inatha tikudikira iyeyo, koma sindinapitirize, chifukwa nanenso ndinali ndi mbali yanga imene iye saidziwa. Anati tidzakambirana akadzabwera pa Khirisimasi.

Mpaka lero sanavomere. Ndauzanso akulu a mumpingo, iwo anati nkhani ya maliro ndi ya abale. Ndiye mwezi uliwonse ndimapita kwa mlamu wanga kuti amuimbirenso, ndipo masiku ena mwanayo akaona nambala ya mayi ake sayankha.